Nkhope Ikapotoka, Diso Likakana Kutsinzina: Kabuku ka Banja pa Mitsempha ya M'mutu

Chifukwa chake nkhaniyi ndi ya banja lonse

Munthu amagona ali bwinobwino. Kukacha, akati achukuche m'kamwa, madzi akungotayikira mbali imodzi ya milomo. Akati atsinzine kuti asambe kumaso, diso limodzi likukana, sopo n'kulowa. Akati alankhule, pakamwa pakuthawira kukhutu. Pakhomo pamagwa mantha, ndipo kawirikawiri mawu oyamba kumveka amakhala akuti, "Awa awamenya hamala usiku." Tsiku loyamba limatha anthu akufunsana kuti wachita zimenezi ndani. Lachiwiri limathera kwa sing'anga. Wodwala amadzafika kuchipatala sabata itatha, diso litafiira kale psuu, masiku amene mankhwala akanathandiza kwambiri atadutsa.

Kabuku aka kalembedwa kuti masiku amenewo asamatayike. Nkhope, maso, makutu, lilime ndi kummero zimayendetsedwa ndi mitsempha yochokera mu ubongo, ndipo umodzi ukavulala, chizindikiro chake chimaonekera poyera, pamene aliyense wa pakhomo angachione. Mayi, bambo, ngakhale mwana wa sukulu angathe kuphunzira kuyang'ana zizindikirozi, kudziwa zimene zikufuna chipatala lero lomwe, ndi kuteteza zinthu ziwiri zimene zimawonongeka msanga wodwala akamasamalidwa mosadziwa: diso ndi mapapo. Wofuna kupemphera apemphere ndithu, koma apemphere ulendo wa kuchipatala uli mkati.

Mitsemphayi ndi yotani, ndipo imagwira ntchito yanji?

Iyi si mitsempha yoyendamo magazi ayi. Ndi mitsempha yonyamula uthenga. Ina imauza ubongo zimene diso laona kapena khutu lamva, ina imachokera ku ubongo kukalamula minofu kuti iyende, ndipo ina imachita zonse ziwiri. Mitsempha ya manja ndi miyendo imadzera mumsana, koma iyi imatuluka m'chibade kudzera m'timabowo ta fupa. Ilipo 12 kumanja ndi 12 kumanzere. N'chifukwa chake vuto limakonda kugwira mbali imodzi, inayo ili bwino.

Achipatala amaitchula ndi manambala a Chiroma. Mukaona m'buku lanu la kuchipatala mwalembedwa CN VII, dziwani kuti akunena mtsempha wa nambala 7.

- Wa 1 ndi wa kununkhiza.
- Wa 2 ndi wa kuona. Umachokera kumbuyo kwa diso, ndipo mkati mwake muli timaulusi toposa 1 miliyoni. Timaulusiti tikafa sitimeranso.
- Wa 3, wa 4 ndi wa 6 imathandizana kutembenuza maso kuti onse awiri aziyang'ana malo amodzi. Wa 3 umakwezanso chikope ndi kuchepetsa mwanadiso pakawala. Wa 6 umakokera diso kunja, cha kukhutu.
- Wa 5 ndi umene umamva kukhudza, kutentha ndi ululu kumaso konse, m'mano ndi pagalasi la diso. Uli ndi nthambi zitatu: ya pamphumi, ya patsaya ndi ya kuchibwano. Umayendetsanso nsagwada potafuna.
- Wa 7 ndi wa nkhope. Kumwetulira, kukweza nsidze, kutsinzina, kuimba mluzu, yonseyi ndi ntchito yake. Umatulutsanso misozi ndi malovu, komanso umamva kukoma kwa chakudya kutsogolo kwa lilime.
- Wa 8 ndi wa kumva, ndiponso ndi umene umathandiza munthu kuima ndi kuyenda osapepesuka.
- Wa 9 ndi wa 10 imasamala kummero: kumeza, kutsokomola ndi mawu. Wa 10, wotchedwa vagus, ndi wautali kuposa yonse. Umatsika m'khosi, kulowa m'chifuwa mpaka m'mimba, ndipo umachepetsa kugunda kwa mtima ndi kuyendetsa matumbo.
- Wa 11 umakweza mapewa ndi kutembenuza mutu.
- Wa 12 umayendetsa lilime.

Simukuyenera kuloweza manambala onsewa. Chofunika n'kudziwa kuti chikope chogwa, mawu osasa mwadzidzidzi ndi khutu logontha zingathe kukhala ndi gwero limodzi m'kati mwa mutu.

Kuyeza wodwala pakhomo

Kuyeza uku kumatenga mphindi zochepa ndipo sikufuna chida chilichonse. Sikulowa m'malo mwa dokotala. Ntchito yake ndi kukuthandizani kuona msanga kukula kwa vuto, ndi kukafotokoza zomveka mukafika kuchipatala. Wina akamayeza, wina akhale akufunafuna kale njinga kapena galimoto.

1. Khazikani wodwala pamalo owala, inu mukhale moyang'anizana naye. Nthawi zonse yerekezani mbali ya kumanja ndi ya kumanzere.
2. Muuzeni akweze nsidze ngati wadabwa. Onani ngati makwinya a pamphumi akutuluka mbali zonse ziwiri.
3. Atsinzine mwamphamvu. Kodi maso onse atsekeka?
4. Aonetse mano, kenaka atukumule masaya. Onani mbali imene mpweya ukuthawira.
5. Atambasule manja onse awiri kutsogolo, inu muwerenge mpaka 10. Onani ngati dzanja lina likutsika lokha.
6. Mufunseni dzina lake, mudzi wake ndi dzina la mfumu yake. Mvetserani ngati mawu akutuluka bwino, komanso ngati akumva zimene mukufunsa.
7. Atsatire chala chanu ndi maso, mutu osautembenuza: kumanja, kumanzere, m'mwamba, pansi. Mufunseni ngati pena akuona zala ziwiri.
8. Phimbani diso limodzi, awerenge zala zanu mutaima patali pang'ono. Chitaninso ndi diso linalo.
9. Mukhudzeni ndi nsonga ya nsalu yofewa pamphumi, patsaya ndi pachibwano, iye atatsinzina. Anene ngati mbali ina ili ndi dzanzi.
10. Tikitani zala zanu pafupi ndi khutu lililonse.
11. Atulutse lilime, muone ngati likukhotera mbali imodzi. Akweze mapewa.

Chenjezo: musayese kumeza kwa wodwala pomupatsa madzi ngati akuwodzera, akuchucha dovu, kapena mawu ake akumveka ngati muli madzi kukhosi.

Nkhope yapotoka: ndi sitiroko kapena ayi?

Choyamba, dziwani mbali imene yadwala. Ambiri amaloza kumene pakamwa pakhotera, koma imeneyo ndiyo mbali yamphamvu, imene ikukoka. Yodwala ndi ija yaphwa, yopanda makwinya, imene sikuyenda munthu akamwetulira. Mabanja ena amatha masiku akuthowa tsaya labwinobwino.

Zinthu ziwiri ndizo zimapotoza nkhope mwadzidzidzi kawirikawiri.

Chimodzi ndi sitiroko. Apa vuto lili mu ubongo mwenimweni: mtsempha wa magazi watsekeka kapena waphulika. Nthawi zambiri imafooketsa nkhope ya m'munsi yokha, kuyambira patsaya mpaka pakamwa. Wodwala amathabe kukweza nsidze ndi kutsinzina. Koma pamakhala zina: dzanja kapena mwendo wa mbali yomweyo wafooka, mawu sakumveka, kapena munthu wasokonezeka. Imakonda anthu a BP, a shuga, osuta fodya ndi achikulire, koma achinyamata nawonso imawagwira.

Chinacho achipatala amachitcha Bell's palsy, potengera dzina la Charles Bell, dokotala wa ku Scotland amene anafotokoza ntchito ya mtsempha wa nkhope mu 1821. Apa ubongo uli bwino. Watupa ndi mtsempha wa 7, pamalo pamene umadutsa m'kanjira kothina ka fupa la kukhutu. Ukatupa umasowa kofutukukira, ngati phazi lotupa mu nsapato yothina, ndipo uthenga umaleka kudutsa. Theka lonse la nkhope limafooka, kuyambira pamphumi mpaka pachibwano. Nsidze sikwera, diso silitsekeka. Ena amayamba ndi kumva kuwawa kuseri kwa khutu, chakudya n'kusiya kukoma mbali imodzi ya lilime, kapena phokoso wamba n'kumamveka lalikulu m'khutu limodzi. Manja ndi miyendo zimakhala ndi mphamvu, maganizo ali bwino. Vutoli limapezeka kwambiri mwa amayi oyembekezera amene ali m'miyezi yomaliza, anthu a shuga, ndiponso anthu amene ali ndi HIV.

Wodwala akamayesa kutsinzina, diso limatembenukira m'mwamba n'kumaoneka loyera lokhalokha. Izi zimaopsa anthu, koma si matenda ena. Maso a anthu ambiri amatero akatsinzina, kungoti chikope chimabisa.

Uthenga wabwino ndi wakuti anthu pafupifupi 7 mwa 10 alionse amene agwidwa ndi Bell's palsy amachira kotheratu. Ambiri amayamba kuona kusintha m'masabata atatu, ndipo kuchira kwenikweni kungatenge miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi. Mwayi wochira umakula munthu akayamba kumwa mankhwala a prednisolone pasanathe maola 72, ndiye kuti masiku atatu. Musakagule nokha mankhwalawa ku golosale kapena pamsika. Amakweza shuga ndi BP, ndipo amafooketsa chitetezo cha thupi, choncho dokotala ayenera kuyamba wamuyeza wodwalayo. Akakupemphani kuyezetsa shuga ndi HIV, vomerani.

Musadalire kwambiri chizindikiro cha pamphumi chija. Pali sitiroko ina imene imafooketsanso theka lonse la nkhope. Lamulo la pakhomo likhale limodzi: nkhope iliyonse yopotoka mwadzidzidzi ikafike kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo musadikire n'komwe kuti kuche ngati pali chimodzi mwa izi:

- dzanja kapena mwendo wafooka kapena wachita dzanzi;
- mawu sakutuluka bwino, kapena wodwala sakumva zimene mukunena;
- mutu ukupweteka koopsa, akusanza, akuwodzera kapena wakomoka;
- akuona zinthu ziwiriziwiri kapena akupepesuka;
- akutsamwa ndi malovu ake omwe;
- nkhope yafooka mbali zonse ziwiri, makamaka ngati miyendo nayo ikulemera;
- khutu likutuluka mafinya, kapena kuseri kwa khutu kwatupa, makamaka mwa mwana;
- munthuyo anagwa kapena anamenyedwa m'mutu.

Podikira galimoto, mugonekeni chammbali. Musamupatse chakudya, madzi kapena mapiritsi, ngakhale aspirin, pakuti ngati mu ubongo mukukha magazi, aspirin amawonjezera vuto. Kumbukirani ola limene munamuona komaliza ali bwino. Ngati amamwa mankhwala a shuga, nenani msanga mukafika, chifukwa shuga akatsika kwambiri amaonetsa zizindikiro zonga za sitiroko.

Nkhope imene ikufooka pang'onopang'ono kwa masabata angapo, kapena pali chotupa kutsogolo kwa khutu, si Bell's palsy. Imafuna kuyezedwa ku chipatala chachikulu.

Kusamala diso limene silikutsinzina

Pakamwa popotoka ndipo pamadetsa nkhawa anthu, koma chimene chili pangozi yeniyeni ndi diso. Pakamwa kawirikawiri pamawongoka. Diso likauma n'kuchita chilonda pagalasi, chipsera chake chingathe kutseka kuona mpaka kalekale. Nthawi iliyonse tikaphethira, chikope chimapaka misozi padiso ndi kuchotsa fumbi. Diso losaphethira limakhala pambalambanda usana ndi usiku. Musanyengeke poona misozi ikutsika patsaya. Misozi imene yagwera patsaya sinanyowetse diso.

Masana:

1. Sambani m'manja ndi sopo musanakhudze diso.
2. Donthezani mankhwala onyowetsa maso amene mwapatsidwa kuchipatala, pafupipafupi monga akuuzirani.
3. Phunzitsani wodwala kumatsitsa chikope ndi chala choyera, n'kuchigwira pang'ono, kambirimbiri pa tsiku.
4. Avale magalasi akamatuluka panja, akakwera njinga kapena galimoto yapamtunda.
5. Apewe utsi wa kukhitchini, kupeta, kusesa pabwalo pouma ndi kupita kuchigayo mpaka diso litayamba kutsekeka. Wina wa pakhomo amulandire ntchitozi.

Usiku:

1. Pakani mankhwala a m'maso a mafuta amene adokotala apereka, m'kati mwa chikope cha m'munsi.
2. Pukutani khungu kuti liume.
3. Tsitsani chikope cha m'mwamba ndi chala mpaka diso litatsekeka lonse.
4. Matani pulasitala yofewa mopingasa pamwamba pa chikopecho, kuchokera cha kumphuno kupita cha kukhutu.
5. Suzumirani kuti muone ngati diso silinatseguke pansi pa pulasitala.

Musaike thonje kapena nsalu pamwamba pa diso lotseguka, chifukwa zimakanda galasi la diso usiku wonse. Musathiremo mkaka wa m'mawere, madzi a masamba, madzi a shuga kapena mkodzo. Zimenezi zachititsa khungu anthu ambiri amene maso awo akanapola. Diso likafiira, likayamba kupweteka, likachita kadontho koyera pakati kapena likayamba kuona mwachimbuuzi, pitani kwa a maso tsiku lomwelo.

Za nkhope yeniyeniyo, kusisita mofewa ndi kuyeserera kumwetulira pagalasi n'kwabwino, ndipo a mafizo angakuonetseni kachitidwe kake. Kuthowa ndi madzi otentha kwambiri, kutema mphini ndi kukoka pakamwa ndi chingwe sikufulumizitsa mtsempha kuchira.

Kudyetsa munthu amene akuvutika kumeza

Kukhosi kuli njira ziwiri zoyandikana: ya chakudya ndi ya mpweya. Tikameza, mitsempha ya 9 ndi 10 imatseka njira ya mpweya kwa kanthawi kuti chakudya chidutse. Ikafooka, monga zimachitikira anthu ambiri sitiroko itawagwira, phala ndi madzi zimalowerera m'mapapo. Patapita masiku ochepa wodwala amatentha thupi ndi kubanika. Chimenecho ndi chibayo, ndipo chimapha anthu ambiri amene sitirokoyo anaipulumuka. Chomvetsa chisoni n'chakuti zimachitika m'manja mwa anthu omukonda, amene akungofuna kuti adyeko kanthu.

Zizindikiro ndi izi: kutsokomola kapena kutsamwa pakudya, mawu onyowa akatha kumeza, madzi kutulukira m'mphuno, chakudya kutsalira m'tsaya, ndi kutenga nthawi yaitali pa mbale yaing'ono.

1. Dyetsani wodwala pokhapokha ali maso bwinobwino.
2. Mukhazikeni tsonga, msana utatsamira khoma kapena mpando. Musamudyetse chogona, ngakhale atatopa bwanji.
3. Mutu uwerame pang'ono, chibwano chiloze pachifuwa. Musaukweze m'mwamba.
4. Inu khalani pansi molingana naye. Mukaima, iye amakweza mutu kuti akuyang'aneni, njira ya mpweya n'kutseguka.
5. Gwiritsani ntchito supuni yaing'ono ya tiyi. Ikani chakudya mbali ya kamwa imene ili ndi mphamvu.
6. Yang'anani pakhosi pake. Dikirani kholingo likwere ndi kutsika musanapereke supuni ina.
7. Phala lolimbirako la mgaiwa kapena la soya, nthochi yokanya, mbatata kapena dzungu lokanya zimamezeka bwino kuposa madzi, tiyi kapena thobwa. Zamadzimadzi ndizo zimathamangira m'mapapo. Pewani mtedza, chimanga chokazinga, mpunga wouma ndi nsomba za minga.
8. Musamulankhulitse chakudya chili m'kamwa.
9. Akatha, chotsani zotsalira m'tsaya, mutsukeni mano, ndipo akhalebe tsonga kwa mphindi 30.

Ngati akutsamwa pa supuni iliyonse, lekani. Kuchipatala amalowetsa kapaipi kodzera m'mphuno kufika m'mimba. Mabanja ambiri amakaopa kapaipika poganiza kuti ndi chizindikiro chakuti munthu watha. Si choncho. Kamathandiza kuti wodwala adye ndi kumwa mankhwala bwinobwino pamene kummero kukupezanso mphamvu, ndipo ambiri amadzakachotsa.

Pali vuto lina la kumeza limene si la mitsempha: nsima ikamaima pachifuwa, kenaka phala nalo n'kuyamba kukana, munthu n'kumaonda. Khansa ya kummero ndi yofala m'Malawi, ndiye musazengereze. Mawu osasa kwa masabata opitirira atatu nawonso akayezedwe.

Mashingozi ndi khate

Kachilombo ka katsabola sikachoka m'thupi munthu akachira. Kamabisala m'mitsempha, ndipo chitetezo chikatsika chifukwa cha ukalamba, HIV kapena matenda ena, kamadzuka ngati mashingozi. Kakadzukira mu nthambi ya pamphumi ya mtsempha wa 5, munthu amayamba kumva kuwotcha mbali imodzi ya mphumi, kenaka pamatuluka matuza amene amalekezera pakati penipeni pa nkhope. Matuza akafika pansonga ya mphuno, diso lili pangozi yaikulu. Kakadzukira mu mtsempha wa 7, matuza amatuluka m'khutu, nkhope n'kupotoka, pena ndi chizungulire. Choncho nkhope ikapotoka, suzumirani m'khutu. Mankhwala a acyclovir amathandiza kwambiri akayambidwa m'masiku atatu oyamba. Musapake phulusa, mankhwala otsukira mano kapena mafuta a galimoto pa matuza. Yezetsani HIV.

Khate likadalipo, ndipo limakonda mitsempha. Kumaso limaletsa diso kutsinzina, komanso limachotsa kumva pagalasi la diso, moti kachitsotso kamalowa munthu osadziwa. Chizindikiro choyamba ndi banga lotuwa kapena lofiirira pakhungu, losayabwa, limene silimva mukalikhudza. Khate limachizika ndi mankhwala aulere a miyezi 6 kapena 12, ndipo woyamba msanga salumala.

Mutu wosaleka ndi kuona ziwiriziwiri

Diso limodzi likakhotera mkati, cha kumphuno, n'kumakana kuyang'ana kunja, mtsempha wa 6 wafooka. Mtsemphawu ndi woonda ndipo umayenda mtunda wautali m'chibade, choncho umafooka msanga madzi a mu ubongo akachuluka n'kuyamba kupanikiza. Mwa munthu amene ali ndi HIV, makamaka amene sanayambe ma ARV kapena anasiya, mutu wopweteka kwa masiku ambiri pamodzi ndi kuona ziwiriziwiri zingakhale matenda oumitsa khosi a mtundu wa cryptococcus kapena a TB. Khosi silichita kuuma nthawi zonse, ndiye musadikire chizindikiro chimenecho.

Kuchipatala adzapempha kutenga madzi a pamsana. Apa ndi pamene abale ambiri amakana, chifukwa anamva kuti wakutiwakuti anamwalira atangomutenga madziwo. Zoona zake n'zakuti ambiri otere amafika mochedwa, matenda atakula kale. Madzi a pamsana ndiwo amauza dokotala mtundu wa matenda ndi mankhwala oyenera. Pa matenda a cryptococcus, kuchotsa madziwo ndi chithandizo pakokha: kumatsitsa kupanikizika, mutu umapepuka, ndipo kumateteza maso ndi moyo. Nthawi zina amachotsa kangapo. Chonde vomerani.

Chikope chikagwa n'kutseka diso, ndipo mukachikweza n'kupeza diso lakhotera kunja, wafooka ndi mtsempha wa 3. Mwa anthu a shuga ndi BP izi zimachitika ndipo zimakonda kubwerera m'malo pakatha miyezi ingapo, komabe akayezedwe. Koma ngati mwanadiso wa diso limenelo wakula kuposa winayo, mutu ukupweteka, kapena munthuyo anachita ngozi, thamangani. Kungakhale kukha magazi m'mutu. Munthu amene wagwa pa njinga ya moto n'kudzuka akulankhula bwino ayang'aniridwe usiku wonse. Akayamba kusanza, kuwodzera, kapena kutuluka magazi kapena madzi oyera m'khutu kapena m'mphuno, apite kuchipatala nthawi yomweyo. Wa kabaza ndi wokwera yemwe avale chipewa choteteza mutu, ndipo achimange pachibwano.

Kuona ndi kumva

Matenda a maso otchedwa glaucoma amadya mtsempha wa 2 mwakachetechete, popanda ululu, kuyambira m'mbali mwa kuona. Munthu amadzazindikira atayamba kugunda mafelemu a zitseko. Zimene zatayika sizibwerera, koma mankhwala odontheza kapena opaleshoni zimateteza zotsalazo. Aliyense wopitirira zaka 40, makamaka ngati pamtundu pawo wina anachita khungu, akayezetse maso ngakhale akuona bwino.

Amene akumwa mankhwala a TB adziwe kuti amodzi mwa iwo, ethambutol, nthawi zina amakhudza mtsempha wa kuona. Mukayamba kuona mwachimbuuzi kapena kusokoneza zofiira ndi zobiriwira, kanenani ku kiliniki ya TB tsiku lomwelo. Mowa wosadziwika kumene wachokera, wosakanizidwa ndi sipiriti ya methanol, ungachititse munthu khungu pa tsiku limodzi kapena awiri.

Mwana amene wachira matenda oumitsa khosi kapena malungo a mu ubongo ayezedwe makutu akatuluka m'chipatala. Ana ambiri otere amatchedwa amwano kapena opusa kusukulu, chonsecho sakumva. Khanda liyenera kudzidzimuka ndi phokoso lalikulu, ndipo pofika miyezi 6 lizitembenukira kumene kwachokera mawu. Malizitsani katemera yense wa kusikelo. Wa chibayo, amene anayamba kuperekedwa m'Malawi mu 2011, amatetezanso ku mitundu ina ya matenda oumitsa khosi. Jakisoni wa gentamicin amapulumutsa moyo, koma akaperekedwa mopyola muyezo amawononga kumva, choncho musalole kubayidwa ndi anthu oyenda ndi majakisoni m'midzi. Kulira kwa m'makutu kobwera ndi kwinini kumatha mankhwala akatha. Ogwira ntchito m'chigayo azitseka makutu. Khutu limodzi likagontha mwadzidzidzi, musadikire.

Kusamva fungo kumabwera ndi chimfine, Covid-19 kapena kuvulala m'mutu, ndipo kawirikawiri kumabwerera. Pakadali pano, wina azinunkhiza ndiwo zogona m'malo mwa wodwala, ndipo asasiyidwe yekha ndi moto.

Ululu wa kumaso umene si wa dzino

Anthu ena, makamaka opitirira zaka 50, amamva ululu wobaya mbali imodzi ya tsaya kapena chibwano. Umabwera mwadzidzidzi, kukhala masekondi ochepa kapena mphindi imodzi kapena ziwiri, n'kuchoka, kenaka n'kubweranso. Kutafuna, kutsuka mano, kusamba kumaso, ngakhale kamphepo kozizira zimaudzutsa. Wodwala amaopa kudya ndipo amaonda. Ambiri amachotsetsa mano abwinobwino limodzi ndi limodzi, ululu osatha, chifukwa vuto lili mu mtsempha wa 5. Panado sathandiza. Mankhwala a carbamazepine ndiwo amathandiza ambiri, koma apereke ndi dokotala. Muuzeni ngati mukumwa ma ARV kapena muli pa njira yolera ya mapiritsi kapena ya pamkono, chifukwa carbamazepine amachepetsa mphamvu yake. Mukatuluka zidzolo kapena zilonda m'kamwa mutayamba kumwa, lekani ndipo pitani kuchipatala msanga.

Zolakwa zofala

- Kudikira kuti "tione mawa," kapena kudikira mwini mbumba amene ali kutali kuti avomereze ulendo. Muimbireni foni muli m'njira.
- Kubisa wodwala m'nyumba chifukwa cha manyazi a nkhope.
- Kuthira madzi kapena mankhwala azitsamba m'kamwa mwa munthu wokomoka.
- Kusiya mankhwala a BP, a shuga kapena ma ARV chifukwa thupi likumveka bwino.
- Kuloza chala agogo kapena mnansi kuti ndiye walodza. Wodwala sachira nazo, ndipo munthu wosalakwa amavulazidwa.

Ponyamuka kupita kuchipatala

Yambirani pa chipatala chimene chili pafupi. Iwo akaona kuti n'kofunika adzakutumizani ku chipatala cha boma, kapena ku zipatala zazikulu za Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Tengani buku la kuchipatala ndi mankhwala onse amene wodwala akumwa, azitsamba omwe, m'mapaketi ake. Apite nawo munthu amene anaona chiyambi cha vutolo, kuti akayankhe mafunso awa: zinayamba tsiku liti ndi ola lanji, zinabwera mwadzidzidzi kapena pang'onopang'ono, ndi mbali iti, ndipo wodwala anagwapo, anatenthapo thupi kapena anatulukapo mafinya m'khutu. Ngati pali foni yojambula, jambulani nkhope yake akumwetulira ndiponso akutsinzina, kenaka muzijambulanso sabata iliyonse kuti adokotala aone ngati ikusintha. Pakatha masabata atatu popanda kusintha kulikonse, bwererani kuchipatala ngakhale tsiku limene anakulemberani lisanakwane.